Mmene mungapezere katswiri woyenera wa chithandizo cha DBT mu Johannesburg ngati mtima ukukuvutani kuugwira

Pali anthu amene mtima wawo umakwera msanga ndipo umachedwa kutsika. Mawu amodzi okalipa a bwana kuntchito, kapena uthenga wa pa WhatsApp umene wawerengedwa koma osayankhidwa, zimawadzetsera mkwiyo, mantha kapena manyazi oposa kukula kwa nkhaniyo, ndipo pofuna kuthawa ululu umenewo ena amamwa mowa mpaka ndalama ya lendi itatha, ena amaswa ziwiya, ena amathetsa chibwenzi usiku n'kupepesa m'mawa, pamene ena amadzicheka kapena kuganiza zodzipha. Kwathu munthu wotere timangoti ndi wa mtima wapachala, ndipo kuno ku Joni timawonjezera kuti mzinda wamusokoneza. Chithandizo chotchedwa dialectical behaviour therapy, chimene anthu amachitchula mwachidule kuti DBT, chinakonzedwa poganizira anthu ngati amenewa. Mu Johannesburg akatswiri amene amalemba zilembo zitatuzi podzitsatsa alipo ambiri, koma si onse amene amapereka chinthu chimodzi, choncho munthu wofuna thandizo, kapena m'bale amene akumufunira, ayenera kudziwa chimene akulandira asanalipire ndiponso asanaikepo chiyembekezo chake.

Dziwani kaye chimene mukufunafuna

DBT inayambitsidwa ndi Marsha Linehan, katswiri wa za maganizo wa ku University of Washington mumzinda wa Seattle ku America. Iye ankathandiza amayi amene ankayesa kudzipha mobwerezabwereza, ndipo anaona kuti akawauza kuti asinthe khalidwe ankamva ngati akudzudzulidwa n'kusiya kubwera, pamene akangowamvetsera ndi kuwamvera chisoni moyo wawo sunkasintha. Njira yake imagwira mbali ziwirizi nthawi imodzi: munthu avomerezedwe mmene alili, kuti ululu wake ndi weniweni ndipo uli ndi chiyambi, komanso aphunzitsidwe kusintha zimene zikumuwononga. Zotsatira za kafukufuku woyamba zinasindikizidwa mu 1991 ndipo mabuku otsogolera akatswiri anatuluka mu 1993. Poyamba chithandizochi chinali cha odwala borderline personality disorder, vuto limene limachititsa mtima, khalidwe ndi maubale a munthu kukhala zosakhazikika, koma pambuyo pake chinayamba kugwiritsidwanso ntchito pa achinyamata odzivulaza, pa anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndiponso pa mavuto ena a kadyedwe.

Chimene muyenera kuchisunga m'mutu ndi chakuti DBT yathunthu ili ndi zigawo zinayi zimene zimayendera limodzi. Pali kukumana ndi katswiri wanu awiriwiri kamodzi pa sabata kwa pafupifupi ola limodzi. Pali gulu lophunzira maluso, limene limakumananso kamodzi pa sabata kwa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo limaoneka ngati kalasi yokhala ndi mphunzitsi, mapepala ndi ntchito yokachitira kunyumba, osati malo ofotokozerana mbiri za mavuto. Pali mwayi woimbira foni katswiri wanu pakati pa sabata pamene zinthu zathina, kuti akuthandizeni kusankha luso logwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Chachinayi simuchiona ndi maso: katswiriyo amakumana ndi akatswiri anzake kawirikawiri kuti aziunikana ntchito ndi kulimbikitsana, chifukwa kuthandiza munthu amene ali pa chiopsezo chodzipha kumatopetsa ndipo munthu wogwira yekha amasokera msanga.

Maluso ophunzitsidwa m'gulu ali a mitundu inayi: kukhala tcheru ndi zimene zikuchitika mwa iwe pa nthawi ino popanda kudziweruza, kupirira nthawi ya ululu waukulu popanda kuiipitsa, kumvetsa ndi kuwongolera zimene mtima ukumva, ndiponso kupempha, kukana ndi kukambirana ndi anthu popanda kuwononga ubale kapena kudzichotsera ulemu. Kumaliza maphunziro onsewa kumatenga masabata 24, ndipo mapulogalamu ambiri amawabwereza kachiwiri kuti chithandizo chikwane chaka.

Akatswiri ambiri a mumzinda muno amagwira ntchito okha m'maofesi awo, ndipo chimene amapereka ndi uphungu wa awiriwiri wokhala ndi maluso ena otengedwa mu DBT. Oona mtima amalemba kuti "DBT-informed". Zimenezi si chinyengo ndipo zimathandiza anthu ambiri, makamaka amene vuto lawo ndi mkwiyo kapena nkhawa zosafika poika moyo pachiswe. Koma ngati mumadzivulaza, ngati munayesapo kudzipha, kapena ngati mwagonekedwapo m'chipatala kangapo chifukwa cha zimenezi, yesetsani kupeza pulogalamu yathunthu, chifukwa umboni wamphamvu wa kafukufuku pa mavuto amenewa unachokera pa pulogalamu yotero.

Musanayambe kuimba mafoni, ndi bwino kuti dokotala akuoneni. Kusinthasintha kwa mtima kumabweranso ndi matenda a bipolar (amene munthu amasinthana nyengo za kusangalala mopitirira ndi za kukhumudwa kwambiri), ndi vuto la chithokomiro, ndi mowa, ndi kusagona kwa munthu wogwira ntchito ya ulonda usiku, ndiponso ndi mabala a m'maganizo a munthu amene anaberedwa poopsezedwa ndi mfuti kapena kuthamangitsidwa pa nthawi ya ziwawa zodana ndi alendo. Ena mwa mavutowa amafuna mankhwala ndipo ena amafuna uphungu wa mtundu wina. Munthu amene vuto lake ndi kudziletsa mopitirira, amene sakwiya pagulu, salira ndipo amadzipatula, angathandizidwe bwino ndi njira ina yotchedwa radically open DBT imene anakonza Thomas Lynch, osati DBT wamba.

Fufuzani ngati ndi wolembetsedwa

Mu South Africa munthu saloledwa kudzitcha psychologist ngati sanalembetsedwe ku Health Professions Council of South Africa, imene imadziwika kuti HPCSA, ndipo bungweli lili ndi kaundula pa intaneti momwe aliyense angalembe dzina la katswiri n'kuona ngati lilimo. Nambala ya psychologist imayamba ndi zilembo PS, ya registered counsellor imayamba ndi PRC, pamene ya dokotala, kuphatikizapo psychiatrist, imayamba ndi MP. Kusiyana kwake n'kofunika. Psychiatrist ndi dokotala amene amalemba mankhwala. Clinical psychologist ndi counselling psychologist amapereka uphungu wa nthawi yaitali koma salemba mankhwala. Registered counsellor anaphunzitsidwa kupereka thandizo la nthawi yochepa ndi kutumiza odwala kwambiri kwa ena. Ma social worker amalembetsa ku bungwe lina, South African Council for Social Service Professions, ndipo ena mwa iwo anaphunzira DBT mozama ndipo amatsogolera magulu bwino kwambiri. Munthu wodzitcha life coach salembetsedwa ku mabungwe awiriwa, ndipo ngakhale atakhala wolankhula mokoma, akakulakwirani mulibe bungwe la zaumoyo lokadandaulako.

Kulembetsedwa kumangosonyeza kuti munthuyo ndi wovomerezeka pa ntchito yake, koma sikusonyeza kuti amaidziwa DBT, popeza HPCSA ilibe gulu lapadera la akatswiri a njira imeneyi. Apa ndi pamene mafunso anu amagwira ntchito.

Mafunso a pa foni yoyamba ndi mayankho oyenera kuwamvetsera

Amalawi tinaleredwa kuti munthu wophunzira safunsidwa za maphunziro ake, ndipo ambiri tikalowa mu ofesi ya adokotala timangovomera chilichonse. Mwambo umenewu ndi wabwino m'malo ena, koma pano ukhoza kukutayitsani ndalama za miyezi ingapo. Katswiri wabwino sakhumudwa ndi mafunso, ndipo amene wakhumudwa wakupatsani kale yankho. Lembani mafunso anu papepala musanaimbe, chifukwa mudzakhala mukulankhula Chingelezi ndi munthu wachilendo pa nkhani yochititsa manyazi, ndipo m'mutu mumabalalika.

Mufunseni kumene anaphunzira DBT ndiponso kutalika kwa maphunzirowo. Maphunziro ozama amene anakhazikitsidwa ndi Linehan ndi anzake ankachitika m'zigawo ziwiri za masiku asanu, zolekana ndi miyezi ingapo yogwiritsa ntchito zimene munthu waphunzira, ndipo zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi msonkhano wa Loweruka limodzi. Ku America kuli bungwe lotchedwa DBT-Linehan Board of Certification limene limapereka satifiketi, koma musamukane katswiri wa kuno chifukwa chakuti alibe pepala limenelo, malinga ngati akutha kufotokoza maphunziro ake momveka. Mufunseni ngati ali m'gulu la akatswiri ounikana ntchito, ndipo amakumana kangati. Mufunseni ngati pali gulu la maluso, amalitsogolera ndani, limakumana liti, ndipo ngati iye alibe gulu, amatumiza kuti anthu ake.

Funso limene limaulula zambiri ndi lakuti: "Kodi tsiku lokumana nanu limayenda bwanji?" Katswiri amene amachitadi DBT adzatchula khadi limene mumalembapo tsiku ndi tsiku kukula kwa zimene mtima unamva, zilakolako zodzivulaza ndi maluso amene munagwiritsa ntchito, ndipo adzanena kuti kukumana kulikonse kumayamba ndi kuona khadilo. Adzafotokoza kuti nkhani zimatengedwa motsata kufunika kwake: choyamba zimene zikuopseza moyo, kenako zimene zikusokoneza chithandizo monga kujomba kapena kusalemba khadi, ndipo pomaliza zina monga ntchito, ngongole ndi banja. Adzatchulanso kufufuza mndandanda wa zochitika, kumene mumatenga tsiku limodzi limene zinthu zinavuta n'kulitsata pang'onopang'ono: munagona maola angati, munadya kapena ayi, anakuuzani chiyani, munaganiza chiyani, thupi linamva bwanji, mpaka pamene munaswa foni kapena kudzicheka, ndipo pa mfundo iliyonse mumafunsana chimene chikanachitika mosiyana. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo anthu ambiri saikonda, koma ndiyo mtima wa kukumana kwa awiriwiri. Katswiri akangoyankha kuti mudzakambirana chilichonse chimene chili pamtima panu tsiku limenelo, akhoza kukhala phungu wabwino, koma akufotokoza chithandizo china.

Funsaninso za foni. Kodi amalola kumuimbira kunja kwa nthawi, mpaka nthawi yanji, ndipo amayankha pakapita nthawi yaitali bwanji? Aliyense ali ndi malire ake ndipo n'zoyenera, koma malirewo akhale odziwika kuyambira pachiyambi. Mu DBT yathunthu muli lamulo limene limadabwitsa anthu: munthu akadzivulaza, saloledwa kuimbira katswiri wake kufuna uphungu wa pa foni kwa maola 24, kupatulapo kuonetsetsa kuti moyo wake uli wotetezeka ndipo walandira chithandizo cha kuchipatala. Cholinga chake ndi chakuti munthu aphunzire kuimba asanadzivulaze. Ndi bwino kulimva lamuloli muli phee mu ofesi kusiyana ndi kulimva usiku wa mavuto.

Ndalama, nthawi ndi mtunda

Katswiri wodziwa kwambiri amene simungathe kufikako sabata iliyonse si woyenera kwa inu. Mu DBT yathunthu munthu akajomba masabata anayi otsatizana, kaya kwa katswiri wake kapena kugulu, amatengedwa kuti watuluka m'pulogalamu mpaka nthawi imene munagwirizana itatha. Choncho muwerengere moona mtima. Ngati mumakhala ku Diepsloot, Cosmo City kapena Tembisa ndipo gulu limakumana madzulo ku Rosebank kapena Parktown, muwerengere matekisi awiri kupita ndi awiri kubwera, ndiponso chitetezo chanu pobwerera kutada. Ngati mumagwira ntchito ya m'nyumba ndipo mumagona kwa mabwana, funsani za Loweruka, kapena kambiranani ndi mabwanawo za theka la tsiku lokhazikika. Simukakamizidwa kuwafotokozera zonse, kunena kuti muli ndi tsiku la kuchipatala sabata iliyonse n'kokwanira. Ngati mwezi wa December mumapita kumudzi kwa masabata angapo, nenani pachiyambi kuti mukonzeretu limodzi. Kukumana pa intaneti kumachotsa vuto la mayendedwe, koma kumafuna data ndi malo obisika, ndipo munthu wokhala m'chipinda chimodzi ndi anzake atatu ku Yeoville kapena Rosettenville sangalankhule momasuka za kudzivulaza pamene ena akuphika pambali pake.

Akatswiri oima paokha mu Johannesburg nthawi zambiri amalipiritsa ndalama zoyandikira kapena zoposa R1,000 pa kukumana kumodzi, ndipo gulu limalipiridwa padera. Funsani mtengo wa zonse pamwezi, funsani ngati amatsitsa malinga ndi malipiro a munthu, ndiponso ngati amalipiritsa tsiku limene mwalephera kubwera. Amene muli ndi medical aid dziwani za Prescribed Minimum Benefits, thandizo limene lamulo la Medical Schemes Act la 1998 limakakamiza sikimu iliyonse kulipira. Pa matenda aakulu a kuvutika maganizo ndi bipolar, thandizoli limafika masiku 21 ogona m'chipatala kapena maulendo 15 a uphungu pachaka. Borderline personality disorder payokha siili pamndandanda umenewu, ndipo maulendo 15 sakwanira chaka cha kukumana sabata iliyonse, choncho funsani katswiriyo ndi sikimu yanu kuti mudziwe pamene thandizo lidzathere ndi zimene mudzachite pambuyo pake. Zipatala zoima pazokha za matenda a maganizo, monga za Akeso, zimaphunzitsa maluso kwa odwala ogonekedwa, koma masabata atatu a m'chipatala ndi chiyambi chabe, ndipo musanatuluke muyenera kudziwa dzina la amene adzapitirize nanu.

Ambiri a ife tilibe medical aid, ndipo njira yathu ndi ya boma. Imayambira ku kiliniki ya m'dera lanu, kumene namwino kapena dokotala amakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath, ndipo kuchokera kumeneko odwala ena amatumizidwa ku Tara Hospital ku Hurlingham, chipatala cha boma cha matenda a maganizo chimene sichilandira munthu wongobwera popanda kalata. Mizere ndi yaitali ndipo simusankha nokha katswiri, koma mukhoza kutchula DBT ndi dzina n'kupempha kuti alembe m'kalatamo zimene mumachita mtima ukakwera, osati kungolemba kuti muli ndi nkhawa. Ku Wits University kuli Emthonjeni Centre kumene ophunzira za maganizo amathandiza anthu pa mtengo wotsika moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, ndipo Centre for the Study of Violence and Reconciliation ili ndi mbiri yaitali yothandiza alendo ndi othawa kwawo amene anakumana ndi nkhanza. Malo amenewa mwina sapereka DBT yathunthu, koma amadziwa kumene angakutumizeni. Bungwe la South African Depression and Anxiety Group, limene likulu lake lili mu Johannesburg momwemuno, limathandizanso kulozera anthu kwa akatswiri ndi ku magulu aulere olimbikitsana.

Chilankhulo, chikhulupiriro ndi abale

Kupeza katswiri wa DBT wolankhula Chichewa mumzinda muno n'kovuta, ndipo mapepala a maluso ali m'Chingelezi. Musabise ngati simukumva. Pemphani kuti afotokoze pang'onopang'ono, ndipo khadi lanu mulembe m'Chichewa ngati ndi mmene mawu akubwerera, n'kumumasulira nokha. Ngati pakufunika womasulira, asakhale mwamuna wanu, mkazi wanu, mwana wanu kapena munthu wa kumpingo kwanu, chifukwa simudzanena zonse pamaso pake, ndipo nkhani zonenedwa ku Mayfair m'mawa zimafika ku Mangochi dzuwa lisanalowe. Katswiri wolembetsedwa amamangidwa ndi lamulo losunga chinsinsi, kupatulapo pamene moyo wanu kapena wa wina uli pangozi, pamene mwana akuchitidwa nkhanza, kapena khoti likalamula. Mufunseni kuti akufotokozereni malire amenewa tsiku loyamba.

Onani mmene akulandirira moyo wanu weniweni. Mukamuuza kuti theka la malipiro anu limapita kumudzi ndipo foni ya mayi anu yopempha fizi kapena feteleza ndiyo imakuyambitsirani sabata yoipa, katswiri wosamvetsa adzafulumira kukuuzani kuti mungowakaniza. Womvetsa adzafunsa kaye kuti kukaniza makolo kumatanthauza chiyani kwanu, kenako adzakuthandizani kupeza mawu onenera zimene mungathe ndi zimene simungathe popanda kutaya ulemu. N'chimodzimodzi ndi chipembedzo. Maluso a kukhala tcheru anachokera mbali ina ku miyambo ya kusinkhasinkha ya Chibuda yotchedwa Zen imene Linehan anaphunzira, koma amaphunzitsidwa popanda chipembedzo chilichonse, ndipo Mkhristu kapena Msilamu akhoza kuwachita osasiya mapemphero ake. Katswiri wonyoza abusa kapena ashehe anu sakuyenerani, monganso mtsogoleri wachipembedzo amene akukuuzani kusiya mankhwala sakukufunirani zabwino. Kwa makolo amene mukufunira mwana wachinyamata, funsani za DBT ya achinyamata imene anakonza Alec Miller ndi Jill Rathus, momwe kholo kapena womulera amalowa nawo m'gulu la maluso. Ngati mwanayo akuleredwa ndi azakhali kapena amalume kuno, iwowo ndi amene ayenera kupita.

Mukayamba, masabata oyamba amakhala ogwirizana zolinga ndi kulonjezana, ndipo katswiri akhoza kukufunsani molimba ngati mwatsimikizadi, mwina mpaka kukutsutsani dala kuti aone kulimba kwa chisankho chanu. Musayembekezere kuti mtima ukhala pansi mwezi woyamba. Chimene muyenera kuyang'ana pakapita miyezi iwiri kapena itatu ndi chakuti kodi mwaphunzira maluso amene mungawatchule ndi kuwagwiritsa ntchito, kodi khadi lanu likusonyeza kuti masiku oipa akuchepa kapena akufupika, ndiponso kodi mumatha kumuuza katswiriyo kuti wakukhumudwitsani iye n'kukambirana nanu osadziteteza. Kufuna kusiya pambuyo pa tsiku lowawa ndi mbali ya vuto lomwe munabwerera, choncho kanenereni mu ofesi momwemo m'malo mongosowa. Koma katswiri amene amakuchititsani manyazi chifukwa chodzivulaza, amene amaulula nkhani zanu, amene akufuna chibwenzi kapena kubwerekana nanu ndalama, musiyeni ndipo mukadandaule ku bungwe limene linamulembetsa.

Pamene mukudikira malo, pemphani dokotala kapena phungu amene mwaonana naye kuti mulembere limodzi ndondomeko ya nthawi ya ngozi: zizindikiro zanu, anthu awiri oti muwaimbire, ndi chipatala chapafupi, ndiponso mupatse munthu wodalirika kuti akusungireni mankhwala ochuluka kapena zinthu zimene mumadzivulaza nazo. Ngati maganizo odzipha afika lero, musadikire kupeza katswiri wa DBT. Imbani nambala yaulere ya South African Depression and Anxiety Group ya 0800 567 567, kapena 112 pa foni ya m'manja, kapena pitani ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi cha chipatala chilichonse. Kuyesa kudzipha si mlandu mu South Africa, ndipo gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, popanda kusiyanitsa nzika ndi mlendo.